Ndidinde zithunzi 30 za kusitolo ya zaluso kapena 300 za pa Mbare Musika?

WodindaWakuMagaba analemba:

Abale anga a muno mu Harare, ndi inu akumudzi amene mumadutsa pano, ndithandizeni nzeru. Nkhaniyi ndi yaitali pang'ono, koma muimve yonse musanandiyankhe.

Ine ntchito yanga ndi kudinda masikipa. Shedi yanga ili ku Mbare, chakufupi ndi Magaba, komwe nyundo za amisiri a pa msika wa Siyaso zimayamba kulira dzuwa lisanatuluke. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, bambo anabadwira kuno, inenso mchombo wanga uli ku Mbare konkuno. Zimene ndimadinda mukuzidziwa nonse: masikipa a pamaliro okhala ndi nkhope ya malemu, a kwaya, a sukulu za mkaka, a matimu a mpira a m'malokeshoni, nthawi zina nsalu za amayi a Chigwirizano kukakhala msonkhano waukulu.

Kwa amene sanaonepo momwe zimachitikira, ndimakoka nsalu yopyapyala ya polyester pa felemu yamatabwa mpaka ilimbe, n'kuipaka mankhwala olimba ndi kuwala otchedwa emulsion m'chipinda chamdima. Ikauma ndimaikapo chithunzi chakuda chimene chili pa pulasitiki yoonekera, ndiye ndimatulutsa padzuwa kanthawi kochepa. Pamene dzuwa lafika, emulsion imalimba osachokanso. Pamene chithunzi chinaphimba, imasungunuka ndikathira madzi, maso a nsalu n'kutseguka. Sikirini yatha pamenepo. Ili ngati sefa ya ufa imene mwaimata mbali zina, inki imadutsa pokhapo pamene mwasiya. Sikipa pansi, inki pamwamba, squeegee, kathabwa ka labala kokankhira inki, n'kukoka kamodzi mwamphamvu. Mtundu uliwonse umafuna sikirini yakeyake, ndiye chithunzi cha mitundu inayi ndi masikirini anayi, ndipo onse ayenera kugwera pamalo amodzimodzi. Thukuta lonse lili pokonza sikirini. Ikakonzeka, chithunzi cha nambala 200 sichivuta kuposa chachiwiri, chimangodya inki ndi pepala. Funso langa lagona pamenepa.

Chaka chatha mwana wa achemwali anga, amene amaphunzira zojambula ku Harare Polytechnic, anandionetsa pa foni ntchito za wojambula Andy Warhol wa ku America. Ndinangoti kakasi, chifukwa chipangizo chake n'chomwechi chili m'shedi mwangamu. Katswiri wa mafilimu Marilyn Monroe atamwalira mu Ogasiti 1962, Warhol anatenga chithunzi chake chotsatsira filimu n'kuchidinda maulendo 50, mbali ina ya mitundu yowala, mbali ina chakuda ndi choyera, inki ikuzilala chakumapeto. Imeneyo ndi nkhope ya malemu, abale, ntchito yomwe ine ndimachezera nayo usiku maliro akakhala mawa. Chaka chomwecho anaonetsa zithunzi 32 za zitini za supu wa Campbell's ku Ferus Gallery ku Los Angeles, chimodzi madola 100. Zitinizo anazipenta kwambiri ndi manja, za sikirini zinabwera pambuyo pake, koma ganizo lake ndi limodzi: chinthu cha m'golosale, chimene olemera ndi osauka amachidziwa mofanana, n'choyenera kupachikidwa pakhoma.

Ndiye nane ndinayamba kudinda zanga pa pepala lolimba, madzulo ntchito za makasitomala zikatha. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi botolo la Mazoe, chakumwa cha kuno ku Zimbabwe, ndi botolo la Sobo wa ku Malawi ataima limodzi, lina pa chikasu lina pa chobiriwira. Aliyense amene anakulira kuno koma Khirisimasi ina anakaidyera kwa agogo ku Lilongwe kapena ku Mangochi amachimva popanda womufotokozera. Pali kombi ya ku Mbare chitseko chili pululu, hwindi, mnyamata woitanira okwera uja, atalendewera, mitundu isanu. Pali nkhope ya agogo anga aakazi yochokera pa kachithunzi ka pa chitupa chawo chakale, kanayi pa pepala limodzi, duku likusintha mtundu. Pali Simoni, gule wa nkhope yofiira uja, amene ndinamujambula ndi foni pa mwambo wina ku Mufakose.

Mayi wina amene ali ndi sitolo ya zaluso kumpoto kwa tauni anaziona ndipo anazikonda. Akuti ndidinde 30 zokha pa chithunzi chilichonse, pa pepala la thonje looda ku South Africa, ndilembe nambala ndi pensulo kuyambira 1/30 mpaka 30/30, ndisaine, kenako ndichape sikirini kuti isadzadindenso. Iwo azigulitsa madola 60 chimodzi, theka n'langa. Sakundibera ayi, malonda amenewa amayenda choncho kulikonse. Zonse 30 zitagulidwa ndi madola 900 pa chithunzi chimodzi, ndalama imene masikipa a pamaliro sandipatsa msanga.

Koma mtima wanga sukupita kumeneko. Chithunzi cha Mazoe ndi Sobo chikapachikidwa ku Borrowdale, dera la olemera, kapena chikakwera ndege m'sutikesi kupita ku London, kwa wogulayo ndi mabotolo awiri okongola basi. Amene chingamugwire pamtima ndi mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika amene mayi ake anachokera ku Ntcheu, ndipo kwa iyeyo madola 60 ndi ndalama ya lendi. Pa katoni wamba wa kuno, mitundu iwiri, ndikhoza kugulitsa madola 3 n'kutsalabe ndi kaphindu. Ndikhoza kudinda 300, zikatha n'kudindanso.

Chimene chimandiwawa ndi komwe ntchito za Warhol yemweyo zinathera. Situdiyo yake anaitcha The Factory, mu 1967 anatulutsa gulu la zithunzi 10 za Marilyn makope 250, zonse kusonyeza kuti sikirini ntchito yake ndi kuchulukitsa. Koma mu Meyi 2022 Marilyn mmodzi wa 1964, wa buluu kumbuyo uja, anagulidwa madola 195 miliyoni pa okoshoni ya Christie's ku New York. Njira yopangira inali ya aliyense, chopangidwacho n'kukathera m'nyumba ya munthu mmodzi. Ine sindikufuna kuyenda msewu umenewo ngakhale pa mlingo wanga waung'onowu.

Anthu a mu msewu wathu amadutsa pa National Gallery, nyumba ya dziko yoonetsera zaluso, mu Julius Nyerere Way tsiku ndi tsiku. Nyumbayo ilipo kuyambira 1957 ndipo palibe amene amawabweza pakhomo, koma mukafunsa amene analowamo mupeza okhawo anapita ndi basi ya sukulu ali ana. Amaona ngati si kwawo. Ndiye ine ndimati zithunzizo zinyamuke zokha ziwapeze komwe ali.

Kodi ndingachite zonse ziwiri popanda kunamiza wina? Nanga chithunzi cha madola 3 anthu adzachisamala, kapena ndikungodzinyenga ndekha kuti akuchifuna?

NaphiriWamafelemu analemba:

Achimwene, ine ndagwira zaka zambiri mu shopu yoika zithunzi m'mafelemu, ndiye za nambala za pensulozi zadutsa m'manja mwanga zambiri. Nambala ija ndi lonjezo. Mukalemba 7/30 mwauza wogula kuti padziko lonse zilipo 30, kuonjezapo zochepa zoyeserera zimene mumalemba A/P n'kusunga nokha. Munthu akapereka madola 60, sabata yamawa n'kukachipeza chomwecho pa msika wa Mupedzanhamo madola 3, dzina lanu lathera pomwepo. Anthu a zaluso mu Harare ndi ochepa ndipo amadziwana onse. Zonse ziwiri zimatheka, koma osati ndi chithunzi chimodzi. Sankhani kuti ichi ndi cha nambala, ichi n'chopanda nambala, ndipo zisadzasinthane.

Amene akufanana ndi mtima wanu si Warhol kwenikweni, ndi Keith Haring. Iye anayamba ndi choko, kujambula pa mapepala akuda amene ankamata pa malo opanda otsatsa malonda m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka ku New York, kuti wopita kuntchito aliyense aone ulere. Mu 1986 anatsegula Pop Shop mu Lafayette Street, kugulitsa masikipa, maposita ndi mabaji pa mtengo woti mwana wasukulu n'kukwanitsa, kwinaku zithunzi zake zikuluzikulu zikugulidwabe m'magalari. Ena anamunena kuti wasanduka wamalonda. Iye anamwalira mu 1990, shopuyo inakhalapobe mpaka 2005.

Koma pali china mu nkhani yakeyo chimene muyenera kuchimvetsa. Zojambula za choko zija, atatchuka, anthu anayamba kuzing'amba pakhoma n'kukagulitsa. Kutchipa kokha sikuteteza chinthu kwa anthu a ndalama. Inu mukaika pa madola 3, woyamba kugula 50 nthawi imodzi sadzakhala mayi wa tomato uja, adzakhala wogulitsa pa msika wa ku Avondale, adzaziika m'mafelemu n'kumatchaja alendo madola 40. Chimene chingakutetezeni n'kusasiya kudinda. Bola sikirini ilipo ndipo aliyense akudziwa kuti ku Magaba chikupezeka madola 3, mtengo sungathawe. Kumbuyo kwa pepala lililonse dindani mtengowo ndi malo a shedi yanu, ndi inki yosafufutika. Wogula ku Avondale akadzatembenuza adzadziwa yekha.

Za zithunzi zimene mukuyambira, mwachita bwino kugwiritsa zanu. Mu 2023 khoti lalikulu la ku America linagamula mokomera wojambula Lynn Goldsmith pa mlandu wake ndi bungwe losunga ntchito za Warhol, nkhani yake inali chithunzi cha woimba Prince chimene Warhol anadindirapo. Ndiye mawa wina akadzakuuzani kuti mutenge nkhope ya woimba wa sungura pa Facebook muike mitundu inayi, dziwani kuti chithunzicho chili ndi mwini wake. Mabotolo aja nawo ali ndi eni. Ine ndikanakhala inu ndikanajambula kaimidwe ka botolo ndi mtundu wake mokwanira kuti munthu alizindikire, osakopera chizindikiro cha kampani ndendende, makamaka mukafuna kuziika pa masikipa ambiri.

Chomaliza, katoni wotchipa amafiira pakapita zaka chifukwa ali ndi asidi, ndipo dzuwa la pawindo limadya chikasu ndi pinki msanga. Muziwauza ogula apachike kukhoma losayang'ana dzuwa.

Mtsikana_waGlenNorah analemba:

Ankolo, cha Mazoe ndi Sobo mundisungire ziwiri chonde. Chimodzi ndikufuna nditumize kwa azakhali ku Area 25, pali munthu akukwera basi pa Roadport mwezi wamawa. Madola 60 sindingathe, 3 ndilipira pa EcoCash lero lomwe.

MkuluWakuTafara analemba:

Mdzukulu wanga, ine maso anatha, akundilembera ndi mwana wa mwana wanga, ine ndikungonena.

Pa za 300 zija ndili mbali yako, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Bambo anga anali a m'fodya ku Guruve. Ian Smith atalengeza kuti dziko lino, lomwe linali Rhodesia, ladziimira palokha mu 1965, maiko akunja anatseka malonda, fodya anasowa kopita. Mu 1966 Tom Blomefield anayambitsa zosema miyala pa famu yake ya Tengenenge, ndipo ambiri amene anagwira nyundo poyamba anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Kunali Lemon Moses wa kwathu ku Malawi, kunali Fanizani Akuda, Mchewa wa ku Zambia, kunali Josiah Manzi wa Chiyao. Bambo anga sanatchuke ngati amenewo, koma anasema ndithu, ndipo chakudya chinalowa m'nyumba chifukwa cha miyala. Sindinyoza. Koma miyalayo inakwera magalimoto n'kupita ku Ulaya ndi ku America, mabuku n'kumaitcha yonse ziboliboli za Chishona. Lero m'nyumba mwanga mulibe mwala wa bambo anga ndi umodzi womwe. Adzukulu anga akandifunsa kuti agogo ankasema zotani, ndimangojambula m'mwamba ndi dzanja. Mwala suchulukitsika, ukapita wapita. Chako chimachulukitsika, ndiye usachimange manja dala kuti chifanane ndi mwala.

Koma za Simoni, khala pansi kaye. Kodi iwe unameta? Ngati sunamete, ukudziwa kuti chilombo chija n'cha dambwe liti, ndipo mwini mzinda wake ndani? Gule ali ndi nthawi yake yotulukira, pamaliro, pa chinamwali, polonga mfumu, pa chiliza. Akavina amabwerera komwe anachokera. Iwe ukufuna umugwire pa pepala maulendo 300. Pepala la madola 3 lina lidzapachikidwa bwino, lina adzakulungira matemba, lina lidzagwa pansi ana n'kumapondapo. Botolo la Mazoe akalipondapo palibe kanthu.

Ndiponso kumbukira momwe takhalira m'dziko lino. Zaka zonsezi anthu akuti zigure ndi ufiti, ana awo kuwaopseza ndi ife, maina achipongwe amene amatiitana nawo ukuwadziwa, sindiwatchula. Gule Wamkulu anamulemekeza ndi a UNESCO mu 2005, koma m'misewu ya kuno ulemuwo sunafike kwa onse. Chithunzi chako chikhoza kuthandiza, chikhozanso kugulidwa ndi wofuna kuseka. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa nkhope za gule zambirimbiri pa Kungoni, ndipo anthu amakaona, koma iwo anakhala ndi eni mwambo zaka zambiri asanatero. Pita ku Mufakose kwa akuluakulu amene anatulutsa Simoni ameneyo, utenge chithunzicho m'manja, uwaonetse. Avomere kapena akane, koma amve kwa iwe, asadzachione chili pa msika.

AphunzitsiAkuMabvuku analemba:

Bambo WakuMagaba, ndimaphunzitsa kupulayimale ndipo ndimalowa m'nyumba zambiri za makolo. Ndikutsutsaniko pa mfundo imodzi. Mukuganiza kuti chotchinga ndi mtengo wokha. Ine ndikuona kuti chotchinga china ndi pepalalo.

Taganizani za banja la m'mafulati a Matapi kapena Nenyere, chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani, khoma lonyowa nyengo ya mvula, utsi wa palafini magetsi akazima. Kapena wochita lendi ku Epworth amene amasamuka chaka chisanathe. Pepala lopanda felemu m'nyumba yotere silikhalitsa, ndipo felemu ndi galasi lake zimaposa mtengo wa chithunzicho. N'chifukwa chake pamakoma athu pamakhala makalendala aulere a kugolosale ndi a kutchalitchi, akatha chaka amasiyidwa pomwepo chifukwa cha chithunzi chake. Njala ya zithunzi ilipo, musakayike. Funso lanu lachiwiri lija yankho lake lili pa makalendala akalewo.

Koma chimene anthu athu amasamala zaka makumi ndi nsalu. Amayi anga anasunga m'bokosi chitenje cha nkhope ya Kamuzu, ndi china cha Papa John Paul II, amene anabwera kuno mu 1988 ndi ku Malawi mu 1989. Taonani momwe zitenje zimenezo zilili: nkhope imodzi mobwerezabwereza, mitundu yowala yosasakaniza, mizere yakuda yolimba. Mukaika pambali pa nkhope ya Mao, mtsogoleri wa China, imene Warhol anadinda mu 1972 muona kuti diso la amayi athu linazolowera kale zimenezi, palibe chowaphunzitsa. Chimene sanapatsidwe ndi nsalu yokhala ndi zinthu zawo iwo eni, yosachokera ku chipani kapena ku kampani. Dindani Mazoe ndi Sobo pa nsalu ya mamita awiri. Idzakhala katani yogawa chipinda, idzaberekera mwana, idzachapidwa, idzasamuka nawo m'chikwama.

Chinanso, kufikitsa luso kwa anthu sikuthera pa kuwagulitsa. A Medu Art Ensemble ku Gaborone, anthu othawa tsankho la ku South Africa, ankadinda maposita ndi sikirini n'kuwalowetsa mobisa kwawo, ndipo ankaphunzitsanso ena kuti azidinda okha. Boma la tsankho linawaopa ndithu. Asilikali ake ataukira Gaborone pa 14 Juni 1985, mmodzi mwa ophedwa anali wojambula wa gululo, Thami Mnyele. Ophunzira a ku Paris mu Meyi 1968 anachitanso chimodzimodzi, kudinda usiku m'sukulu yawo ya zaluso, m'mawa maposita ali m'makoma. Chimene chinkaopsa pa sikirini n'choti munthu wamba amaiphunzira tsiku limodzi, zipangizo zake n'kukhoma yekha ndi matabwa.

Ndiye ndikupempha chinthu. Bwerani ndi felemu imodzi kusukulu kwathu Loweruka lina. Ana adule mapepala okha ndi lumo, aike pansi pa sikirini, akoke squeegee ndi manja awo. Palibe chifukwa cha emulsion. Mwana amene wanyamula felemu n'kuona chithunzi chake chatuluka sadzaonanso National Gallery ngati nyumba ya anthu ena. Kwanu komweko Moffat Takadiwa ndi anzake anasandutsa holo yakale ya mowa kukhala Mbare Art Space, ndipo ntchito zake za zotsekera mabotolo ndi mabatani a makiyibodi otayidwa zimaonetsedwa kunja kwa dziko. Anthu a ku Mbare amaona zikupangidwa pakhomo pawo. Kuona zikupangidwa kumeneko ndiye kumachotsa mantha.

WodindaWakuMagaba analemba:

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha.

Achemwali Naphiri, za kudinda mtengo kumbuyo ndazitenga momwemo. Ndagawa motere. Kombi ya mitundu isanu ipite kusitolo ija, 30 zokha, chifukwa imadya nthawi ndipo pa madola 3 siingabweze ngakhale inki. Kombi ndi ya aliyense wa mu Harare, wogula wa ku Borrowdale naye amaiona pa msewu. Ndalama yakeyo igule nsalu ndi inki ya zinazo. Mazoe ndi Sobo sichidzalembedwa nambala mpaka kalekale, ndipo mayi aja ndiwauza poyera kuyambira pachiyambi. Cha agogo anga sindigulitsa kwa aliyense. Ndidinda zokwanira zidzukulu zawo, za kuno, za ku Bulawayo, za ku Johannesburg ndi za ku Dedza. Koma chandipatsa ganizo lina. M'mabokosi a anthu athu muli zitupa zakale ndi tizithunzi ta pasipoti ta makolo amene anabwera wapansi kudzera ku Tete. Munthu atabweretsa kake, ndikhoza kumudindira nkhope ya agogo ake mitundu itatu, makope 20 a banja lonse, agogowo akadali moyo kapena atapita kale, osadikira tsiku la maliro pamene aliyense akuthamanga ndipo misozi ili m'maso.

Agogo a ku Tafara, ndamva. Sindinamete, ndinakulira mu CCAP. Ku Mufakose ndipita ndi chithunzicho m'manja monga mwanenera, ndipo sikirini ya Simoni ikhala pa shelefu mpaka ndimve mawu awo. Koma mundilole ndinene chimene ndikawauze. Tsiku limene ndinamujambula, mafoni anali m'mwamba bwalo lonse, ndipo mavidiyo a gule ali kale mbwee pa Facebook ndi TikTok, ambiri ojambulidwa ndi oseka, mawu achipongwe pansi pake. Chithunzi cha Simoni chikuyenda kale, ife tikufuna kapena ayi. Ine ndikufuna pakhale chimodzi chopangidwa ndi mdzukulu wa Achewa, chomuonetsa ataima mwaulemu wake. Akakana ndichapa sikiriniyo, koma ndikawafunsa ngati kukhala chete kwathu kukuteteza gule kapena kukungosiyira bwalo onyoza.

Aphunzitsi, za nsalu mwalasa. Ndinazolowera kuganiza kuti chinthu chikakhala pa nsalu ndi ntchito ya kasitomala, chikakhala pa pepala ndiye luso, ndipo ndikuona kuti malire amenewo anaika ndi magalari, osati amayi a ku Matapi. Vuto lake ndi mtengo. Mamita awiri a nsalu yoyera ya thonje yokha aposa kale madola 3, ndiye chitenje chidzafika pa 8 kapena 9. Komanso tebulo langa ndi la masikipa, kudinda mobwereza pa nsalu yaitali kumafuna tebulo lalitali ndi njanji yoimitsira felemu kuti zithunzi zisapondane. Ndikambirana ndi owotcherera a ku Siyaso. Za pepala sindisiya, chifukwa mtsikana wa ku Glen Norah uyu akufuna chake cholowa mu envelopu. Iwe mwanawe, ziwiri zako zilipo, usatumize ndalama, udzalipira pobwera kudzatenga.

Kusukulu ndibwera. Koma mu Okutobala muno inki yamadzi imauma pa sikirini mwana asanamalize kukoka, maso a nsalu n'kutsekeka. Tiyambe 8 koloko m'mawa, pamthunzi, ndipo pakhale mabigili awiri a madzi chifukwa ndikudziwa kuti mipopi ya ku Mabvuku siyodalirika.

NaphiriWamafelemu analemba:

Za kuuma kwa inki, gulani kabotolo ka glycerine ku famase mudonthezemo pang'ono, imachedwetsa. Musachulutse, chithunzi chingachedwe kuuma pa pepala ana n'kupakana. Mukamaliza kukoka kulikonse, bwezerani inki mopepuka pamwamba pa sikirini kuti maso ake akhale onyowa podikira mwana wotsatira.

Pa kombi ya 30 ija, sikirini ya masikipa ya maso akuluakulu, ya 43T, idzathira inki yambiri pa pepala la thonje, mizere ya nkhope ya hwindi idzafufuma. Pezani ya maso ang'onoang'ono, ya 90T kapena kuposerapo. Oodani mapepala osachepera 40, chifukwa pa mitundu isanu ena adzaphonya, ndipo ophonyawo muwang'ambe, asatuluke m'shedi. Musaine ndi pensulo, osati bolopeni, nambala kumanzere, dzina kumanja, pansi pa chithunzi. Musanapereke katundu, mulemberane ndi mayi wa sitoloyo kuti walandira zingati, theka lanu azikupatsani liti, ndiponso zotsala zibwerera kwa inu pakatha miyezi ingati.

Aphunzitsi, mutiuze Loweruka lake. Kushopu kuli zidutswa za katoni woyera zotsala podula mafelemu, timangotaya. Ndibwera nazo ana adzadindirepo.